Malo a Chizulu m'Ndondomeko za Makonsati a Okestra ya ku Durban

1.0 MAU OYAMBA

Ena mwa anzathu pa msonkhano uno angadabwe kuona kuti m'malo mokamba za aneni, za magulu a maina kapena za malamulo a kalembedwe, ife tabwera ndi nkhani ya okestra, ndiye kuti gulu lalikulu la oimba ndi mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, loimba nyimbo zolembedwa pa pepala motsogozedwa ndi munthu mmodzi wogwira kandodo. Chifukwa chake chilipo. Ulemu wa chiyankhulo suthera pa kulembedwa kwake m'malamulo a dziko ayi. Umaonekera m'malo amene chiyankhulocho chimaloledwa kumveka: m'bwalo la milandu, m'kalasi, pa guwa, pa wailesi, ndiponso m'nyumba zikuluzikulu zoimbiramo zimene mizinda imamanga ndi kusamala ndi ndalama za msonkho.

M'pepala lino tifuna kupenda ndondomeko za makonsati za gulu lotchedwa KwaZulu-Natal Philharmonic Orchestra la mu mzinda wa Durban, makamaka mndandanda wake waukulu wotchedwa World Symphony Series. Funso lathu ndi limodzi: kodi Chizulu, chimene malinga ndi kalembera wa 2022 chimayankhulidwa pakhomo ndi anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse m'chigawo cha KwaZulu-Natal, chili ndi malo otani m'ndondomekozo? Yankho limene tidzayesa kuliteteza ndi lakuti malo a chiyankhulo m'nyumba yoimbiramo sayesedwa poŵerenga nyimbo zatsopano zimene zaimbidwa koyamba, koma poona ngati nyimbozo zibwerezedwa, ndi mbali ya konsati imene zimaikidwa. Pomaliza tidzaonetsa kuti nkhaniyi itikhudza ife ophunzira ziyankhulo, ngakhalenso ife oyankhula Chicheŵa.

2.0 MBIRI MWACHIDULE

Mzinda wa Durban udakhala ndi okestra yakeyake kuyambira mu 1921, pamene khonsolo ya mzindawo idakhazikitsa gulu loimba motsogozedwa ndi H. Lyell-Tayler, ndipo m'zaka za pambuyo pake Edward Dunn adalitsogoleranso. Nyumba yake inali City Hall, chimango chimene adamaliza kumanga mu 1910 motsanzira nyumba yonga yomweyo ya ku Belfast. Gulu limenelo lidatha m'zaka za m'ma 1970. Limene tikulidziŵa lero lidabadwa mu 1983 ndi dzina lakuti Natal Philharmonic Orchestra, pansi pa bungwe la NAPAC, ndipo wotsogolera wake woyamba anali David Tidboald. Konsati yoyamba idachitikira ku Pietermaritzburg m'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho.

Tiyenera kukumbukira kuti NAPAC inali imodzi mwa mabungwe anai a zaluso amene boma la tsankho lidakhazikitsa m'zaka zoyamba za m'ma 1960, limodzi m'chigawo chilichonse, pofuna kusangalatsa Azungu. Nthaŵi yomweyo lamulo la Group Areas Act la 1950 linali kusamutsa anthu akuda kuchoka ku Cato Manor kupita ku KwaMashu ndi ku Umlazi, ndipo Amwenye ankaŵatumiza ku Chatsworth ndi ku Phoenix. Motero mtunda wa pakati pa City Hall ndi makomo a anthu ambiri a mu mzindawo udachita kuikidwa ndi lamulo, ndipo sudafupike chifukwa chakuti lamulolo lidafafanizidwa.

Ufulu utabwera mu 1994, Bongani Tembe, woimba wa liwu la tenala amene adaphunzira ku Juilliard School mu mzinda wa New York, adaloŵa mu utsogoleri wa gululi. Chikalata cha boma cha zaluso ndi chikhalidwe cha 1996 chidathetsa dongosolo lakale la mabungwe anai aja, ndipo maokestra a m'dzikomo adaona zakuda. National Symphony Orchestra ya ku Johannesburg idatsekedwa mu 2000, ndipo ya ku Cape Town idagwa chaka chomwecho n'kudzaukanso. Ya ku Durban idaima payokha mu 1998 ndipo idapulumuka, mwa zina chifukwa idatha kuonetsa khonsolo ya mzinda ndi boma la chigawo kuti imapita kukaimba m'masukulu, m'matauni a anthu akuda ndi m'midzi, ndi kuti imaphunzitsa achinyamata zipangizo. Ntchito imeneyi ndi yoyenera kuyamikidwa, ndipo zimene tinene m'munsimu zisaoneke ngati zoipeputsa.

3.0 KAUMBIDWE KA NYENGO YA MAKONSATI

Okestra simangoimba monga mwa mwaŵi. Chaka chake chimagaŵidwa m'nyengo, ndipo nyengo iliyonse imakhala ndi makonsati angapo otsatizana, amene munthu angathe kugula matikiti ake onse pamodzi. Ku Durban kwakhala nyengo ya dzinja cha m'ma Febuluwale ndi Malichi, nyengo yachisanu cha m'ma Meyi ndi Juni, ndi nyengo ya kuphukira kwa mitengo chakumapeto kwa chaka. Kwa zaka zambiri makonsatiŵa ankachitika Lachinai madzulo mu City Hall, ndipo m'zaka zaposachedwa ena achitikira ku Playhouse, nyumba ya zisudzo imene ili tsidya lina la mseu. Kupatula mndandanda waukuluwu, gululi limaimbanso m'mapaki, pa zikondwerero za boma, pa Pasaka ndi pa Khrisimasi.

Konsati ya Lachinai ili ndi kaumbidwe kake kodziŵika, kamene kadakhazikika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Imayamba ndi nyimbo yaifupi yotsegulira, ya mphindi ngati khumi. Kenaka pamabwera koncheto, mmene katswiri mmodzi, kaŵirikaŵiri mlendo wochokera kunja, amaimba piyano, vayolini kapena chipangizo china moyankhana ndi gulu lonse. Anthu akapumula pang'ono, gawo lachiŵiri limakhala la simfoni, nyimbo yaitali ya mphindi makumi anai kapena kupitirira. Maina amene amabwera chaka ndi chaka ndi a Mozart, Beethoven, Brahms, Tchaikovsky, Dvořák, Rachmaninoff ndi Sibelius.

Kwa ife ophunzira ziyankhulo, ndondomeko yotere ikufanana ndi chiganizo, chimene mau ake sakhala ndi udindo wofanana. Simfoni ya m'gawo lachiŵiri ndiyo mwininkhani pamodzi ndi mneni wake: dzina lake ndilo limalembedwa ndi zilembo zazikulu pa zikwangwani, ndipo ndiyo imapatsidwa nthaŵi yochuluka poyeserera. Koncheto ndiyo imakopa ogula matikiti chifukwa cha mbiri ya mlendoyo. Nyimbo yotsegulira ili ngati muonjezi: mungathe kuichotsa chiganizo n'kukhalabe chomveka, ndipo imaimbidwa pamene ochedwa akali pakhomo. Tsono tikamva kuti nyengo yakutiyakuti inali ndi nyimbo ya mu Africa, tisafulumire kuomba m'manja tisanafunse kuti idaikidwa pati m'chiganizocho.

Tikayang'ana nyengo za gululi m'zaka za ufulu, tiona kuti nyimbo za a ku South Africa zakhala zikumveka ndithu, mwina kuposa mmene zidamvekera kale lonse mu mzindawo. Koma malo ake enieni akhala aŵiri. Oyamba ndi potsegulira paja. Achiŵiri ndi makonsati apadera a zikondwerero, monga tsiku la ufulu la pa 27 Epulo, kapena tsiku la chikhalidwe la pa 24 Sepitembala, limene kale ku KwaZulu linali lokumbukira mfumu Shaka. Pa masiku otere makwaya akuluakulu monga Clermont Community Choir ndi Durban Serenade amadzaza bwalo, Chizulu chimamveka mwamphamvu, ndipo omvera amakhala ena ndithu. Lachinai lotsatira zinthu zimabwerera mwakale. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chodabwitsa ku Durban n'chakuti chiyankhulo chimene chimakamuka ngati mame ndi cha eni nthaka.

4.0 KHUMALO NDI KAMVEKEDWE KA MAU

Kuti timvetse chimene chimatayika Chizulu chikakhala mlendo, tiyeni tione ntchito ya James Stephen Mzilikazi Khumalo, amene adabadwa mu 1932 namwalira mu 2021. Bamboyu anali mmodzi wa ife. Adaphunzitsa ziyankhulo za mu Africa pa yunivesite ya Witwatersrand mpaka kukhala profesa, ndipo kafukufuku wake wamkulu anali wa kamvekedwe ka mau m'Chizulu, ndiye kuti kukwera ndi kutsika kwa liwu pa phatikizo lililonse. Analinso wopeka nyimbo za kwaya, kuyambira mu 1959 pamene adaika m'nyimbo ndakatulo ya B.W. Vilakazi, ndiponso adathandiza pokonza nyimbo ya fuko la South Africa monga ikuimbidwa lero.

Oŵerenga athu adziŵa kuti m'ziyankhulo zathu kamvekedwe kamasiyanitsa matanthauzo. M'Chicheŵa mau akuti mtengo angatanthauze chomera cha m'thengo kapena ndalama zogulira chinthu, malinga ndi mmene liwu likwerera pa phatikizo lapakati, ndipo nthaŵi zina za mneni zimasiyana ndi kamvekedwe kokha. M'Chizulu mau akuti inyanga angatanthauze mwezi kapena sing'anga mwa njira yomweyo. Chizulu chilinso ndi malembo ena opanda liwu amene amatsitsa liwu la phatikizo lawo, kotero kuti woyankhula amayambira pansi n'kukwera motsetsereka. Ndiponso ziyankhulo ziŵirizi zimatalikitsa phatikizo lotsatana ndi lomaliza kumapeto kwa chiganizo.

Amishoni atamasulira nyimbo za m'tchalitchi, adasunga maimbidwe a ku Ulaya n'kuloŵetsamo mau athu. Maimbidwe ambiri a Chingerezi amathera pa phatikizo lomaliza lolemera, pamene ife timalemeretsa lotsatana nalo. Motero mibadwo ingapo ya Azulu, Acheŵa ndi mitundu ina idazoloŵera kuimba chiyankhulo chawo mokhota, liwu likukwera pamene mau afuna kutsika. Khumalo adalimbana ndi chizoloŵezi chimenechi. M'nyimbo zake za pambuyo pake adayesetsa kuti maimbidwe atsate kamvekedwe ka mau, kuti kutsetsereka kwa liwu kuja kusungidwe, ndi kuti mayendedwe a nyimbo achokere ku kayendedwe ka ndakatulo zotamanda mafumu ndi nyimbo zakale za fuko zotchedwa amahubo.

Ntchito zake ziŵiri zazikulu adazilemba pamodzi ndi Themba Msimang, mlembi ndi profesa wa ziyankhulo za mu Africa pa yunivesite ya Unisa. Yoyamba ndi uShaka kaSenzangakhona, nyimbo yaitali ya kwaya, oimba paokha, mlakatuli wotamanda ndi okestra, imene idamveka koyamba ku Johannesburg mu 1994 ndipo idakonzedwanso mu 1996. Yachiŵiri ndi opera yotchedwa Princess Magogo kaDinuzulu, imene bungwe la Opera Africa lidaonetsa koyamba ku Playhouse mu Durban momwemo m'mwezi wa Meyi 2002, Sibongile Khumalo akuseŵera ngati Magogo, ndipo mu 2004 idakafika ku Ravinia Festival pafupi ndi Chicago.

Magogo mwini wake, mwana wa mfumu Dinuzulu ndi mai wa Mangosuthu Buthelezi, adakhala ndi moyo kuyambira 1900 mpaka 1989. Ankaimba ndi ugubhu, uta wa chingwe chimodzi wokhala ndi chikho, wonga kalirangwe wa kwathu. Hugh Tracey, amene adayang'anirapo nyumba ya wailesi ya ku Durban, adajambula nyimbo zake, ndipo David Rycroft adazisanthula mozama m'zaka za m'ma 1970, naonetsa mmene maimbidwe ake amayenderana ndi kamvekedwe ka mau. Choncho m'opera ya 2002 mudakumana zinthu zitatu: luso la mai wa kubanja lachifumu, kafukufuku wa akatswiri a chiyankhulo, ndi zipangizo za ku Ulaya.

Kukumanako sikudali kopanda mavuto. Zipangizo zambiri za okestra zidakonzedwa kuti ziziimba pa makwerero khumi ndi aŵiri ofanana, pamene liwu la Magogo limatsetsereka pakati pa makwererowo. Wotsogolera amene saŵerenga Chizulu angathe kufulumizitsa malo amene mau afuna kutalika, kapena kulola malipenga kukwirira phatikizo limene lasenza tanthauzo. Mavuto otere sathetsedwa usiku umodzi. Amatha pang'onopang'ono, oimba omwewo akaimba nyimbo yomweyo kachiŵiri, kachitatu ndi kakhumi, monga adachitira ndi Brahms mpaka kumuzoloŵera. Apa ndipo pagona nkhani yathu.

5.0 KUYAMBA NDI KUBWEREZA

Nyimbo siloŵa m'nkhokwe ya okestra chifukwa chakuti yaimbidwa koyamba pamaso pa nduna ndi atolankhani. Imaloŵa ikabwerezedwa mpaka oimba aidziŵe pamtima, omvera ayambe kuiyembekeza, ndipo oŵeruza ayambe kuyerekeza kaimbidwe ka chaka chino ndi ka zaka zisanu zapitazo. Ngakhale nyimbo zimene lero zimaoneka ngati zamuyaya zidadzera njira yomweyi. Nyimbo yaikulu ya Bach ya masautso a Ambuye monga adaŵalembera Mateyu idagona zaka zambiri mwini wake atamwalira, mpaka Mendelssohn adaiutsa ku Berlin mu 1829, ndipo idakhazikika chifukwa ena adapitiriza kuiimba.

Chitsanzo choyandikira kwambiri nkhani yathu ndi cha Leoš Janáček wa ku Moravia, m'dziko limene lero litchedwa Czech Republic. Iyeyu ankayenda ndi kabuku m'thumba, namalemba kukwera ndi kutsika kwa mau a anthu pamsika ndi m'miseu, pokhulupirira kuti nyimbo iyenera kumera pa kayankhulidwe. Opera yake Jenůfa idaonetsedwa koyamba ku Brno mu 1904, koma nyumba yaikulu ya ku Prague idaikana kwa zaka khumi ndi ziŵiri. Itailandira mu 1916, Vienna idatsatira mu 1918, ndipo lero imaimbidwa m'Chicheki m'maiko amene ngakhale mmodzi mwa omvera sadziŵa chiyankhulocho. Ikadathera pa 1904, bwenzi lero tikuiŵerenga m'mabuku a mbiri chabe.

Ndipo ku Durban komweko omvera a Lachinai amalandira simfoni yachisanu ndi chinai ya Beethoven ndi mau ake a Chijeremani, kapena misa ya maliro ya Verdi ndi mau ake a Chilatini, popanda wofunsa kuti kodi lero ndi tsiku lokumbukira chiyani ku Germany kapena ku Rome. Ziyankhulo zimenezo zidapatsidwa ufulu womveka tsiku lililonse. Chizulu chikamangomveka pa 24 Sepitembala, ndondomekoyo ikuuza omvera, ngakhale okonza ake sanafune kutero, kuti Chijeremani chimanena za munthu aliyense, pamene Chizulu chimanena za Azulu okha, pa tsiku lawo lovala zikopa. Komatu nkhani ya Shaka monga adailembera Msimang, ya mwana wonyozedwa amene akwera pa mpando n'kuphedwa ndi abale ake, ndi yolemera mofanana ndi nkhani zimene ma opera a ku Italy amasimba.

6.0 ZIFUKWA ZA OKONZA NDONDOMEKO

Chilungamo chifuna kuti timvenso mbali ya okonza ndondomeko, pakuti iwo amagwira ntchito ndi ndalama zoŵerengeka.

Choyamba anganene kuti simfoni ilibe mau, choncho ilibe chiyankhulo, ndipo funso lathu n'losayenera. Pali choona pamenepa. Mzulu kapena Mcheŵa angathe kukonda Dvořák monga Mcheki amkondera, ndipo ana a ku Umlazi amene aphunzira vayolini ali ndi ufulu wonse woimba Beethoven popanda kupepesa. Sitikupempha kuti nyimbo za ku Ulaya zichotsedwe. Koma konsati ili ndi chiyankhulo ngakhale oimba asatsegule pakamwa: kabuku ka ndondomeko, zikwangwani, nkhani yofotokoza nyimbo imene imakambidwa konsati isanayambe, zonsezi mwachizoloŵezi zakhala za m'Chingerezi.

Chachiŵiri anganene kuti nyimbo zazikulu za m'Chizulu n'zochepa, ndipo zimene zilipo zimafuna kwaya, oimba paokha ndi nthaŵi yaitali yoyeserera, zimene ndi ndalama zambiri. Apanso pali choona, ndipo gwero lake tilidziŵa. Masukulu a mishoni, kenaka maphunziro a pansi pa lamulo la Bantu Education Act la 1953, adapatsa ana akuda kwaya ndi kalembedwe ka nyimbo ka do, re, mi, koma sadaŵapatse zipangizo kapena maphunziro a kulembera okestra. N'chifukwa chake opeka monga Reuben Caluza wa ku Ohlange adasiya chuma chambiri cha nyimbo za kwaya, ndipo n'chifukwa chake Khumalo ankalemba mau a oimba, mbali ya zipangizo n'kulembedwa ndi ena: Chris James ndi Robert Maxym pa uShaka, ndi Michael Hankinson pa Magogo. Komabe Verdi ndi Beethoven tatchula aja nawonso amafuna kwaya ndi oimba paokha anai, ndipo ndalama zake zimapezeka. Kuwonjezera apo, pali nyimbo zosafuna kwaya. Michael Mosoeu Moerane adalemba Fatše la heso mu 1941, nyimbo ya okestra yokha yomangidwa pa maimbidwe a Chisotho, ndipo okestra ya BBC idaiimba mu 1944. Nyimbo za Magogo zimene Khumalo adakonza pamodzi ndi Peter Klatzow zimafuna woimba mmodzi. Opeka a m'badwo wotsatira, monga Phelelani Mnomiya, Qinisela Sibisi ndi Bongani Ndodana-Breen, adawonjezera nkhokweyo.

Chachitatu anganene kuti ogula matikiti a nyengo yonse amafuna maina odziŵika, ndipo okestra imene thandizo lake la boma limakwera ndi kutsika singayerekeze kuŵakhumudwitsa, makamaka pambuyo pa mliri wa Covid-19 wa 2020 umene udatseka nyumba zoimbiramo. Mantha ameneŵa ndi omveka. Koma dzina limadziŵika chifukwa chobwerezedwa, kotero kuti kukana kubwereza nyimbo chifukwa siidziŵika ndi kuzungulira pamalo amodzi. Ndiponso omvera amene amadzaza bwalo pa masiku a makwaya ndi anthu a mu mzinda womwewo, okhoza kugula matikiti, ngati ora la konsati ndi mayendedwe obwerera kunyumba usiku ziganiziridwa. Mzinda umene amuna ogwira ntchito adasunga mipikisano ya isicathamiya usiku wonse wa Loŵeruka kwa zaka makumi ambiri suli wosoŵa makutu.

Tiwonjezepo kuti Durban ndi kwawonso kwa zidzukulu za Amwenye amene adayamba kufika mu 1860, okhala ndi maimbidwe awo akale ndi ziyankhulo monga Chitamili ndi Chihindi, ndipo mzindawu udabala wopeka ndi woimba piyano Surendran Reddy. Zimene tanena za Chizulu zikhudzanso iwo, ngakhale pepala lino silingathe kuzilondola.

7.0 MBALI YATHU

Kudzudzula kokha sikumanga nyumba, ndipo mutu umodzi susenza denga. Pali ntchito zimene okonza ndondomeko angachite, ndi zina zimene zili m'manja mwathu.

Kwa okonza ndondomeko tipempha zinthu zitatu. Nyimbo yaikulu ya m'Chizulu iikidwe m'gawo lachiŵiri la konsati wamba ya mndandanda waukulu, pa tsiku losakumbukira kanthu. Nyimbo iliyonse yatsopano imene gulu lalipira kuti ipekedwe ilonjezedwe kubwerezedwa m'nyengo zotsatira, pangano lake lisanasainidwe. Kabuku ka ndondomeko kasindikize mau onse oimbidwa m'Chizulu cholembedwa bwino pamodzi ndi kumasulira kwake, ndipo mafotokozedwe a Brahms ndi Tchaikovsky alembedwenso m'Chizulu.

Pempho lomalizali likutibweza kwa ife eni. Ndani adzalemba mafotokozedwewo? Mau otchulira zipangizo, magawo a simfoni ndi mayendedwe a nyimbo afunika kusankhidwa ndi kugwirizanidwa, monga tidachitira ndi mau a galamala. Mapepala a nyimbo za Khumalo ndi anzake afunika kusindikizidwa mosamala, ndi zizindikiro za kamvekedwe ka mau, kuti wotsogolera wochokera ku Poland kapena ku Japan adziŵe pamene liwu liyenera kutsetsereka. Nyumba za opera za ku Ulaya zimalemba ntchito aphunzitsi a katchulidwe ka Chitaliyana, Chijeremani ndi Chirasha, ndipo palibe chifukwa chakuti Chizulu chisakhale ndi aphunzitsi otere ochokera m'madipatimenti athu. Ndiponso ndakatulo zoimbidwazi ziyenera kupendedwa m'magazini athu monga tipendera mabuku a nthano, pakuti ntchito imene palibe woiŵeruza imaiŵalika msanga.

Kwa ife oyankhula Chicheŵa phunziro lake lili pafupi. Chiyankhulo chathu chidalengezedwa kukhala cha fuko la Malaŵi mu 1968, Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972, ndipo Centre for Language Studies idaloŵa m'malo mwake mu 1996. Tidziŵa tsono kuchokera ku mbiri yathu kuti chilengezo ndi chinthu china, ndipo maora amene chiyankhulo chimapatsidwa pa wailesi, m'kalasi ndi m'bwalo la milandu ndi chinthu chinanso. South Africa idalemba ziyankhulo khumi ndi chimodzi m'malamulo ake a 1996, niwonjezera chiyankhulo cha manja mu 2023, koma ndondomeko ya Lachinai madzulo imasonyeza bwino koposa malamulowo mmene zinthu zilili.

Tili nazonso zofanana ndi zimene Khumalo adagwiritsa ntchito. Tracey yemweyo adajambula nyimbo za bangwe, kalimba ndi zeze m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku Makhanda. Akatswiri athu monga Al Mtenje, Sam Mchombo ndi Francis Moto adafotokoza kamvekedwe ka mau a Chicheŵa mwatsatanetsatane. Makwaya ali m'tchalitchi chilichonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chipata ndi ku Tete, ngakhalenso pakati pa Amalaŵi okhala mu Durban momwemo. Ndipo makolo athu adaonetsa kale kuti chipangizo cha mlendo chingathe kuphunzira chiyankhulo cha mwini mudzi: asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse adatenga perete ndi bandi ya Azungu, nazisandutsa beni, mganda ndi malipenga, zikho zikulira m'malo mwa malipenga a mkuwa. Magule ameneŵa adakhazikika chifukwa ankavinidwa chaka ndi chaka, mudzi ndi mudzi.

8.0 MAU OMALIZA

Taona kuti okestra ya ku Durban idabadwira m'dongosolo la tsankho, idapulumuka pamene anzake ankagwa, ndipo idatsegula zitseko zimene kale zinali zotseka. Taonanso kuti m'ndondomeko zake Chizulu chakhala chikumveka makamaka potsegulira konsati ndi pa masiku a zikondwerero, pamene gawo lolemera la konsati wamba lasungidwira nkhokwe ya ku Ulaya. Tayesa kuonetsa kuti ntchito monga za Khumalo ndi Msimang, zomangidwa pa kamvekedwe ka mau, sizingaimbidwe bwino kapena kuŵeruzidwa moyenera popanda kubwerezedwa, ndi kuti zifukwa za ndalama, ngakhale zili zoona, sizikwanira kufotokoza kusiyanaku.

Tipempha anzathu a m'mayunivesite a ku KwaZulu-Natal, amene ali pafupi ndi nkhokwe za mapepala a gululi, kuti asonkhanitse timabuku tonse ta ndondomeko kuyambira 1983, aŵerenge nyimbo iliyonse ya mau a chiyankhulo cha mu Africa, malo ake m'konsati, ndi kangati idabwerezedwa. Chiŵerengero chotere chidzatsimikiza kapena kukonza zimene tanena pano, ndipo chidzapatsa okonza ndondomeko ndi opereka ndalama muyeso woonekeratu wogwiritsa ntchito pokonza nyengo zikudzazo.